Ankati ndi nkhuli pamene thupi linali ndi njala: lipoti la mayi amene ankadya zosaphika zokhazokha

Lipotili ndalembera anzanga opereka uphungu wa kadyedwe, anamwino ndi madokotala amene amaona odwala oyendera. Likunena za mayi wina wa mumzinda wa Lilongwe amene anakhala miyezi 8 akudya zakudya zosaphika zokhazokha. Dzina lawo, kumene amagwira ntchito ndi zina zoti angadziwike nazo ndazisiya dala. Chandichititsa kulemba n'chakuti mayiwa sanabwere kudzadandaula za kufooka kapena kuonda. Anabwera kudzapempha njira yogonjetsera nkhuli, ndipo pempho lotere munthu ukhoza kuliyankha mofulumira koma n'kumuvulaza wodwalayo.

Mmene zinayambira

Mayiwa ali ndi zaka 34, ali pabanja ndi ana awiri, ndipo amagwira ntchito ya mu ofesi. Mayi awo owabereka anamwalira ndi sitiroko atavutika ndi BP ndi shuga kwa zaka zambiri. Patapita miyezi yochepa chichitikireni maliro, iwonso anakayezetsa n'kupezeka ndi BP ya 142/90, akulemera makilogalamu 78 pa msinkhu wa mamita 1.62, zomwe zikupereka BMI (nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake) ya 29.7. Mantha anawagwira. Mnzawo wa kuntchito anawalowetsa m'gulu la pa WhatsApp la anthu odya zosaphika.

Malamulo a gululo anali okhwima. Chakudya chisatenthetsedwe kupitirira madigiri 48. Nsima, tiyi, mchere, mafuta ophikira, nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, zonse ayi. Mapeyala ndi mtedza zinali zololedwa koma pang'ono chabe, akuti mafuta amachedwetsa "kuyeretsa thupi". Koma chiphunzitso chimene chinadzawapweteka kwambiri chinali cha njala. Anauzidwa kuti kulira kwa m'mimba, kupweteka kwa mutu ndi kunjenjemera si njala ayi koma ndi poizoni akutuluka m'thupi, kuti njala yeniyeni imamvekera kukhosi ndipo imabwera mwakachetechete, ndiponso kuti kulakalaka chophika chilichonse ndi chizindikiro cha ukapolo wa zakudya zoipa. Maganizowa si a kuno. Amachokera ku America, ku ziphunzitso za anthu onga Herbert Shelton amene ankalimbikitsa kusala kudya ndi kudya zaziwisi m'zaka za m'ma 1900, ndipo lero akuyenda m'mafoni athu ngati kuti ndi sayansi yatsopano.

Miyezi itatu yoyamba zinawayendera bwino, ndipo izi sindikufuna kuzibisa. Anasiya zakumwa zashuga ndi tchipisi cha pachiwaya, thupi linapepuka, kudzimbidwa kunatha, BP inatsika. Kuntchito ndi kutchalitchi anthu ankawayamikira. Mavuto anayamba mwezi wachisanu: kuzizidwa ngakhale kunja kukutentha, kupsa mtima msanga ndi ana, tsitsi kuthothoka, tulo kusowa. Kenako kunabwera chimene iwo ankachitcha kugwa. Usiku onse atagona ankapita kukhitchini n'kudya mkute wozizira ndi ndiwo zotsala, nthawi zina mpaka nkhoko za mumphika. M'mawa mwake ankadzilanga ndi kumwa madzi a zipatso okha tsiku lonse. Poyamba zinkachitika kamodzi pa mlungu. Pofika kwa ine zinali zitafika katatu kapena kanayi.

Mawu awo oyamba anali akuti, "Adokotala, ine vuto langa ndi kususuka. Ndimadya zipatso mpaka mimba kuuma, ndiye si njala imeneyi. Mungondithandiza kuti mtima uzisiya kufuna zophika."

Zimene tinapeza

Sikelo inasonyeza makilogalamu 57, BMI ya 21.7. Nambala imeneyi ili m'kati mwa malire abwino, ndipo ndiyo inachititsa kuti aliyense amene anawayeza m'mbuyomo angowauza kuti pitirizani. Koma mayiwa anali atataya makilogalamu 21, pafupifupi 27 peresenti ya thupi lawo, m'miyezi 8 yokha. BMI imangonena pamene munthu ali lero, sinena kumene wachokera kapena liwiro limene akutsikira. BP inali 104/66 ndipo akaimirira msanga ankachita chizungulire. Mtima unkagunda ka 58 pa mphindi. M'maso ndi m'manja munali moyera. Nditafunsa za msambo, anati papita miyezi itatu osasamba, ndipo m'gulu muja anawauza kuti ndi umboni woti thupi layera.

Ndinapempha dokotala wa pamalo pathu kuti tionere limodzi, chifukwa kuonda kotere sitingakuike pa kadyedwe tisanachotse zifukwa zina. Mimba panalibe. HIV, TB, malungo ndi shuga sizinapezeke, ndipo chithokomiro chinkagwira bwino ntchito. Hb, yomwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa magazi, inali 10.4, pansi pa 12 amene bungwe la WHO limaika ngati malire kwa mayi wosayembekezera, ndipo ferritin inali 9, kusonyeza kuti nkhokwe ya ayironi yatha. Vitamini B12 inali kumunsi kwa malire abwino. Izi sizinatikhazike mtima pansi, popeza chiwindi chimasunga B12 wa zaka zingapo, choncho munthu amene wasiya zanyama miyezi 8 yapitayo angaoneke bwino pamene nkhokweyo ikungophwera.

Funso limodzi ndinachita kulifunsa mwachindunji chifukwa odwala salitchula okha: "Mayi, kodi mumalakalaka dothi?" Anaweramitsa mutu n'kuvomera kuti amagula timibulu ta dothi kumsika n'kumasunga m'chikwama. Kwa iwo chimenechi chinali chimodzi mwa zilakolako zochititsa manyazi.

Kenako tinawerengera chakudya cha tsiku wamba. M'mawa papaya ndi chivwende, cha m'ma 10 koloko nthochi ziwiri, masana saladi ya kabichi, karoti, tomato ndi nkhaka yothira ndimu, madzulo chinanazi, usiku saladi inanso ndi mango. Polemera, chakudya chimenechi chinkaposa makilogalamu awiri. Koma mphamvu yake inali pakati pa makalori 1,000 ndi 1,100, pamene mayi wa msinkhu wawo ndi ntchito yawo amafunika pafupifupi 2,000. Mapuloteni sankafika ndi pa magalamu 25, pamene thupi lawo limafunika osachepera 45. Sizodabwitsa: magalamu 100 a nkhaka ali ndi makalori pafupifupi 15, chivwende 30, papaya 43, pamene mtedza wolemera chimodzimodzi uli ndi oposa 560. Thumba la mankhusu ndi thumba la chimanga onse amadzaza, koma banja silingadye chaka ndi loyambalo.

Chifukwa chake sindinawaphunzitse kuletsa nkhuli

Apa ndi pamene panagona nkhani yonse. Pali malangizo amene ambiri a ife timapereka kwa munthu wofuna kusiyanitsa njala ndi chilakolako: imwani madzi mudikire mphindi 20, njala imabwera pang'onopang'ono pamene chilakolako chimabwera mwadzidzidzi, wanjala amadya chilichonse pamene wankhuli amafuna chinthu chimodzi, dzifunseni ngati mungadye chipatso, mukakana ndiye kuti si njala. Malangizowa amathandiza munthu amene akudya mokwanira. Kwa mayiwa onse akanapereka yankho labodza.

Taganizani za funso la chipatso lija. Munthu amene wadya zipatso zoposa kilogalamu imodzi kuchokera m'mawa akana nthochi inanso ngakhale thupi lake likusowa theka la chakudya chake. Wofufuza za kadyedwe Barbara Rolls ndi anzake anaonetsa kale mu 1981 kuti kukoma kwa chakudya chimene wangodya kumene kumatsika pamene chilakolako cha zakudya zina chimakhalabe. Mayiwa anali atatopa ndi zotsekemera ndi zamadzimadzi. Thupi linkafuna zolimba, zamchere ndi zamafuta chifukwa ndi zimene zinalibe m'mbale mwawo. Kumwa madzi nako kukanangowonjezera kutamuka kwa chifu chimene chinali chodzaza kale. Kutamuka kwa chifu ndi mbali imodzi chabe ya kukhuta. Ubongo umamveranso mahomoni: ghrelin, wodzutsa njala, amene anapezeka ku Japan mu 1999, amakwera munthu akaonda, ndipo leptin, amene anapezeka mu 1994 ndipo amachokera m'mafuta a m'thupi, amatsika. Leptin akatsika kwambiri njala imakula, thupi limachepetsa kutentha kwake, ndipo ubongo umaimitsa msambo. Kuzizidwa, mtima wogunda pang'onopang'ono, kusiya kusamba ndi ulendo wa kukhitchini usiku zinali nthambi za mtengo umodzi.

Zotere zinaonekera bwino pa kafukufuku wa Ancel Keys ku Minnesota, m'dziko la America, mu 1944 ndi 1945. Amuna 36 athanzi anapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa miyezi 6 ndipo anataya pafupifupi kota ya thupi lawo. Anayamba kuganiza za chakudya usana ndi usiku, ena n'kumatolera mabuku a zophikaphika, ndipo atawalola kudya ambiri ankadya mosadziletsa. Sanali anthu osusuka, anali anthu anjala. Pa nkhani ya zosaphika yeniyeniyo, kafukufuku wa ku Giessen m'dziko la Germany, wofalitsidwa mu 1999, anapeza kuti pafupifupi amayi atatu mwa khumi alionse osakwana zaka 45 amene ankadya motere kwa nthawi yaitali anali ndi msambo wodumphadumpha kapena unasiyiratu.

Choncho ndinawauza mosazungulira kuti, "Mayi, inu simuli osusuka. Muli ndi njala, ndipo mwakhala nayo miyezi yambiri. Za nkhuli tidzakambirana thupi likakhuta, chifukwa panopa palibe amene angazisiyanitse, ngakhale ine." Analira kwa nthawi ndithu.

Zimene tinagwirizana

Sindinawalamule kusiya zosaphika tsiku lomwelo. Kadyedweka kanali kogwirizana ndi maliro a mayi awo ndi mantha a sitiroko, ndipo ndikanawalanda mwankhanza akanangosowa osabweranso. Ndinawafunsanso mafunso asanu a SCOFF ofufuzira matenda a kadyedwe. Sankadzisanzitsa, sankamwa mankhwala otsegula m'mimba, koma anavomera kuti chakudya chikulamulira moyo wawo ndipo amalephera kudziletsa akayamba kudya. Izi zinatiuza kuti pakufunikanso mlangizi wa za maganizo, ndipo tinawatumiza.

Popeza anali ataonda kwambiri m'nthawi yochepa, dokotala anayeza michere ya m'magazi ya potassium, phosphate ndi magnesium tisanawonjezere chakudya, ndipo zinali bwino. Tinakwera pang'onopang'ono. Mlungu woyamba tinangogwiritsa ntchito zosaphika zimene malamulo awo ankalola, n'kuonjezera kuchuluka kwake: peyala lathunthu tsiku lililonse, mtedza wodzaza dzanja kawiri pa tsiku, nthangala za maungu, ndi nthochi zambiri m'malo mwa chivwende. Ndinawachenjeza kuti mtedza wachuku kapena wofota azitaya chifukwa cha poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Tinathetsa masiku a madzi a zipatso okha, ndipo tinagwirizana kuti asamathe maola oposa anayi masana osadya. Anayamba kumwa mapiritsi a ayironi a ferrous sulphate, kuchuluka kwake monga anawalembera dokotala, pamodzi ndi madzi a malambe kapena ndimu kuti ayironi alowe bwino, anamwa albendazole, mankhwala a njoka za m'mimba, chifukwa cha dothi lija, ndiponso anayamba mapiritsi a B12.

Zinthu zitatu ndinakaniratu. M'gulu muja ankalimbikitsana kudya nyemba zongoviika m'madzi, chinangwa chachiwisi ndi mazira aawisi. Nyemba zofiira zosaphika zili ndi poizoni amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba ndipo amaphedwa ndi kuwiritsa. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wa cyanide. Matenda opuwalitsa miyendo a konzo amene anagwa m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981 anachokera ku chinangwa chosakonzedwa bwino. Dzira laliwisi, kuwonjezera pa chiopsezo cha tizilombo ta salmonella, thupi limangotengamo pafupifupi theka la mapuloteni ake pamene lophika limatengamo oposa 90 peresenti. Ndinawauzanso mbali imene gululo linkanena zoona: vitamini C amawonongekadi ndi moto, ndipo masamba amene timaphika ndi soda mpaka kuyamba kuterera amakhala atataya zambiri.

Ndinawapatsa kabuku koti azilembamo nthawi iliyonse akafuna kudya kunja kwa ndondomeko: nthawi yake, maola apita chidyereni, zimene akumva m'thupi, chimene akufuna, ndi zimene zikuchitika pa nthawiyo. Milungu iwiri yoyamba kabukuko kanali piringupiringu, chilichonse chinkafunika nthawi iliyonse. Ndinawauza kuti asadandaule, ndi mmene ziyenera kukhalira.

Kubwerera m'mbuyo

Mlungu wachitatu tinaonjezera chophika chimodzi pa tsiku, phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, kenako mbatata yowiritsa ndi dzira kapena usipa. Kudya kwa usiku kunachepa kufika kamodzi pa mlungu. Koma sikelo inakwera makilogalamu awiri, ndipo mayiwa anachita mantha. Zambiri mwa kulemerako zinali madzi, chifukwa thupi likayamba kusunganso shuga m'minofu ndi m'chiwindi limasunga ndi madzi omwe, komanso mchere unali utabwerera m'zakudya. Atanena m'gulu muja kuti ayamba phala, anawayankha kuti abwerera ku ukapolo. Anabwerera ku madzi a zipatso okha kwa masiku asanu, ndipo tsiku lachisanu anakomoka akudikira minibasi pochokera kuntchito.

Chochitika chimenechi, ngakhale chinali choopsa, ndicho chinasintha zinthu. Amuna awo, amene mpaka nthawiyo ankangoona ngati ndi nkhani ya amayi yofuna kuchepetsa thupi, anabwera nawo limodzi. Iwo ndi amene anaulula kuti kunyumba kunali kutapita miyezi banja lisakudyera pamodzi, ndipo mwana wawo wamkazi wa zaka 9 anali atayamba kufunsa ngati nsima ndi poizoni. Mayiwa zimenezi sankazidziwa. Anatuluka m'gululo okha tsiku lomwelo, ine osawauza. Kwa anzanga ndinena kuti kukwera kwa sikelo m'milungu yoyamba kuzinenedwa kusanachitike, ndi manambala omwe, ndipo wodwala azifunsidwa kuti akumvera ndani kunja kwa chipinda chathu, chifukwa ife timamuona kamodzi pa milungu iwiri pamene foni ali nayo m'manja tsiku lonse.

Pamene njala ndi nkhuli zinayamba kusiyana

Kuyambira mlungu wachisanu ndi chimodzi anali akudya pafupifupi makalori 1,900, kuchokera m'magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsa kuno ku Malawi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Pamenepo kabuku kaja kanayamba kuwerengeka, ndipo iwo eni ndi amene anaona kusiyana ndisanawalozere.

Njala inkabwera maola atatu kapena anayi chidyereni. Inkayamba ndi m'mimba kupepuka, kenako maganizo kubalalika pa ntchito, ndipo akachedwa manja ankanjenjemera. Chakudya chilichonse chokhutitsa chinkaithetsa, kaya nyemba ndi mpunga, kaya futali, ndipo akadya maganizo a chakudya ankachokeratu. Zizindikiro zimenezi ndi zomwe zija anaphunzitsidwa kuti ndi poizoni akutuluka, ndipo zinatenga nthawi kuti azikhulupirirenso.

Dothi linali ndi njira yakeyake. Silinkatsata nthawi ya chakudya, linkabwera ngakhale atakhuta, makamaka akamva fungo la nthaka yonyowa. Linazimiririka patatha pafupifupi milungu itatu chiyambireni ayironi, Hb isanafike n'komwe pa 12. Chilakolako chimenechi sichinali njala komanso sichinali cha mumtima. Chinali chizindikiro cha matenda, ndipo mankhwala ake anali piritsi, osati kudziletsa. Ndiyenera kuchenjeza pano kuti si chilakolako chilichonse chimene chimaloza michere yosowa. Kugwirizana kwa dothi kapena madzi oundana ndi kuchepa kwa ayironi n'kodziwika bwino, koma tisamauze odwala kuti kufuna keke ndiye kuti thupi likusowa chakutichakuti.

Chimene chinatsala pomaliza chinali chimodzi chokha: mandasi ndi tiyi wamkaka, Lamlungu masana akaweruka kutchalitchi, ndiponso masiku amene asemphana mawu ndi amuna awo. Chinkabwera mwadzidzidzi ola limodzi atangodya nsima, m'thupi mulibe chizindikiro chilichonse, ndipo china chilichonse sichinkalowa m'malo mwake. Titakambirana zinadziwika kuti Lamlungu masana ndi nthawi imene ankapita kwa mayi awo, ndipo kumeneko ankamwa tiyi ndi mandasi. Iyi ndiyo inali nkhuli yeniyeni, ndipo pa zinthu zonse zimene anabwera akuzitcha kususuka inali kachigawo kochepetsetsa. Sindinaone chifukwa choiletsera. Tinagwirizana kuti Lamlungu azidya mandasi amodzi kapena awiri, atakhala pansi ndi ana, osati mobisala. Za masiku okangana anakakambirana ndi mlangizi wa za maganizo. Apa tsopano malangizo aja a kudikira mphindi zingapo ndi kudzifunsa chimene chachitika anayamba kugwira ntchito, chifukwa thupi linali litakhuta.

Mmene zilili panopa

Patatha miyezi itatu Hb inafika 12.3, ndipo dokotala anati apitirize ayironi miyezi ina itatu kuti nkhokwe idzaze. Msambo unabwerera mwezi wachinayi. Pa miyezi 6 ankalemera makilogalamu 61, BMI 23.2, BP 118/76 popanda mankhwala. Kudya kwa usiku kunatheratu, chizungulire ndi kuzizidwa zinasiya, ndipo tsitsi linasiya kuthothoka. Zipatso ndi saladi akudyabe zambiri, pafupifupi theka la mbale yawo, ndipo ndikuwalimbikitsa kutero, bola azitsuka ndi madzi otetezedwa, poti mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikuukumbukira.

Si zonse zimene zatha. Akukwerabe sikelo m'mawa uliwonse ngakhale tinagwirizana za kamodzi pa mlungu. Nsima ya ufa woyera akuiopabe, amangodya ya mgaiwa, ndipo kwa mlangizi wa za maganizo anasiya kupita asanamalize, akuti nthawi ikuwachepera. Chizolowezi choika zakudya m'magulu a zoyera ndi zodetsedwa, chimene Steven Bratman anachitcha orthorexia mu 1997, chimatha mochedwa kuposa kuchepa kwa magazi, ndipo chikhoza kudzuka BP ikangokwera pang'ono kapena wachibale wina akadwala. Pa chifukwa chimenechi sindinawatulutse m'ndandanda wa oyendera. Tidzayezanso ferritin ndi B12 akamaliza mapiritsi, ndipo ndapempha kuti ulendo wotsatira adzabwere ndi mwana wamkazi uja kuti timuyeze kulemera ndi msinkhu komanso timve mmene akudyera kusukulu.